Mbalame za m'Chigwa cha Shire: chifukwa chake moyo wawo umatsata kukwera ndi kutsika kwa madzi

Dzina loti Ramsar lakhala likumveka pa wailesi ndi m'misonkhano ya zachilengedwe kuyambira m'chaka cha 2017, pamene dambo la Elephant Marsh, lomwe lili m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, linalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse. Ambiri akamva nkhaniyi amatsala ndi mafunso awiri. Kodi ndiye kuti dambolo lasanduka paki, asodzi ndi alimi a m'madimba asamuke? Nanga n'chifukwa chiyani akatswiri amangokamba za mbalame, chonsecho anthu a kuchigwa ali ndi nkhawa za madzi osefukira, njala ndi ng'ona?

Funso loyambalo yankho lake ndi lalifupi. Ramsar ndi mzinda wa ku Iran kumene maiko anasainirana pangano loteteza madambo m'chaka cha 1971. Panganolo sililetsa kuwedza kapena kulima. Limangopempha kuti dambo ligwiritsidwe ntchito m'njira yoti lisafe. Kuno kwathu malo oyamba kulowa m'kaundulayu anali nyanja ya Chilwa, ndipo Elephant Marsh, ya mahekitala 61,556, ndi yachiwiri. Mwa miyeso imene amagwiritsa ntchito posankha malo, wina umati dambolo lizisunga mbalame zam'madzi zosachepera 20,000 nthawi ndi nthawi, wina umati lizisunga mbalame imodzi mwa 100 zilizonse za gulu la mtundu umodzi.

Funso lachiwiri ndi limene likufuna kulifatsira. Nsomba zili pansi pa madzi, siziwerengeka ndi maso. Mbalame zimaoneka, zimawerengeka, ndipo malo akaipa zimangouluka n'kuchoka. Choncho amene akufuna kudziwa ngati mtsinje uli bwino amayamba wayang'ana kuti ndi mbalame ziti zilipo, ndi ziti zasowa.

Chigwacho ndi chotani

Shire amatuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, pamalo okwera pafupifupi mamita 474 kuchokera pa nyanja yamchere. Amadutsa m'nyanja ya Malombe ndi ku Liwonde akuyenda modekha, kenako amagwera pa mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene magetsi athu ambiri amachokera. Akafika ku Chikwawa amakhala watsikira m'chigwa chafulati ndi chotentha, moti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Pomwe mtsinjewu ukulowa m'dziko la Mozambique kumunsi kwa Nsanje ndi malo otsika kwambiri m'Malawi muno, mamita 37 okha.

Pamalo afulati chotere madzi safulumira. Amamwazika, amagawika m'timitsinje, amatula mchenga ndi matope amene anyamula kumtunda. Ku Chiromo, Ruo wochokera ku phiri la Mulanje amathira mu Shire, ndipo akadzaza amatsekereza Shire mpaka madzi kubwerera m'mbuyo n'kudzaza dambo. David Livingstone atadutsa kumeneku m'chaka cha 1859 anapezako njovu zankhaninkhani, n'chifukwa chake dambolo linapatsidwa dzina limeneli. Njovuzo zinatha kalekale m'dambomo, koma mbalame zinatsala.

Malawi ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo paki ya Liwonde yokha yalembedwamo yoposa 400. Kuchuluka kotereku kumabwera chifukwa chigwa si malo amodzi. Muli mchenga wapakati pa mtsinje, magombe, mabango ndi gumbwa, mathamanda a nyika, mitengo ya m'mbali mwa madzi, milaza, nkhalango za tsanya ndi zitsamba zowirira. Zili ngati mumsika waukulu momwe wa tomato, wa usipa ndi wa makala aliyense ali ndi mbali yake: onse akupeza chakudya pabwalo limodzi chifukwa sakulimbirana katundu mmodzi. Mlomo, miyendo ndi zala za mbalame iliyonse zimakuuzani mbali yake.

Mchenga ndi magombe: chisa chodalira chilimwe

Tiyambe ndi mbalame imene anthu ambiri sanaione pafupi, yotchedwa African skimmer. Ndi yakuda pamsana, yoyera pamimba, mapiko aatali, mlomo wofiira. Mlomo wakumunsi ndi wautali kuposa wakumwamba. Kukamada imauluka pafupi kwambiri ndi madzi, mlomo wakumunsiwo ukung'amba madzi, ndipo ukangogunda kansomba mutu umagwadira pansi, mlomo n'kutseka. Kuti isake chotere imafuna madzi odekha. Imatha kusaka ngakhale usiku chifukwa imagwira pokhudza, osati poona.

Mbalameyi siimanga chisa. Imangofukula kadzenje pa mchenga wa pachilumba umene waonekera madzi atatsika, n'kuikira mazira awiri kapena atatu. Dzuwa la masana likafika poti mchenga ukuotcha phazi, makolo amanyowetsa nthenga za pamimba mumtsinje n'kudzaziziritsa mazirawo. Chitetezo chake chonse ndi madzi ozungulira chilumbacho. Madzi akakwera mosayembekezeka pakati pa chilimwe, mazira amakokoloka. Akatsika kwambiri mpaka chilumba kulumikizana ndi mtunda, ng'ombe, agalu ndi ana amafikapo. Ngakhale funde la boti la injini lothamanga limatha kumiza chisa. Pa mbalame zonse za m'chigwachi, iyi ndi imene ndimaona kuti imaulula msanga m'mene mtsinje ukuyendetsedwera.

Pagombe loongoka, pomwe madzi a dzinja anadula dothi n'kusiya khoma, pamakhala afulagombe. Awa amakumba mauna m'khomalo, ena otalika mita imodzi kapena awiri, n'kuikira mazira kumapeto. Fulagombe wa chipumi choyera ndi khosi lofiira amakhala chaka chonse, m'mabanja omwe ana a chaka chatha amathandiza makolo kudyetsa ang'ono awo. Fulagombe wamkulu wofiira thupi lonse, wa mutu wobiriwira mwamtambo, amabwera kudzaswa kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Novembala, ndipo magulu ake otchuka kwambiri ali m'magombe a Luangwa ku Zambia ndi a Zambezi. Akagwira njuchi amapita nayo panthambi, kuimenyetsa, kuikhutiza kumchira mpaka mbola itachoka, ndiye n'kumeza. Moto wolusa ukabuka mudzawaona akuzungulira mu utsi kugwira ziwala zothawa.

Pali mfundo imene imadabwitsa ambiri pano. Kugumuka kwa gombe, kumene mlimi wa dimba amadana nako, ndiko kumapatsa afulagombe khoma latsopano lopanda nthata za chaka chatha. Koma gombelo liyenera kukhala chilili mpaka anapiye atauluka. Madzi a mphamvu m'dzinja ndi bata m'chilimwe, zonse ziwiri zimafunika.

Kumtunda pang'ono, pa miyala ya m'mathithi a ku Majete, kuli kambalame kotchedwa rock pratincole, komwe kamaikira mazira pa thanthwe lenileni pakati pa madzi othamanga. Nakonso kamadikira kuti miyala ionekere.

M'dambo mwenimweni

Mukalowa pa bwato m'mathamanda a Elephant Marsh momwe mwamera nyika, mbalame yoyamba kukulandirani ndi African jacana, yofiirira thupi, khosi loyera, chipumi chamtambo. Zala zake ndi zazitali moposa muyeso, ndipo zimagawa kulemera kwake pa tsamba lonse moti imayenda pa masamba oyandama osamira. Banja lake ndi losiyana ndi la mbalame zambiri. Yaikazi ndiyo yaikulu, imakhala ndi amuna angapo, ndipo ikaikira mazira pa chisa choyandama imawasiyira yaimuna. Yaimunayo ndiyo imafungatira ndi kulera. Pakakhala choopsa imanyamula anapiye kunsi kwa mapiko n'kuthawa nawo, timiyendo tawo tikulendewera m'mbali.

Nyika yomweyo, imene anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa amamira kukakumba m'miyezi ya njala, ndiyo imadyetsa kabakha kakang'ono kotchedwa pygmy goose, komwe kamadya njere zake koma kamaswera m'mphako za mitengo. Kuti kakhalepo pamafunika thamanda ndi mtengo wakale pafupi. Chimodzi chikasowa, kabakhako kamasowanso.

Dokowe wakuda wotchedwa openbill ali ndi mlomo umene sutsekeka pakati. Chakudya chake ndi nkhono zam'madzi, ndipo ndi nsonga ya mlomo amadula mnofu wogwira chigoba n'kusolola nyama, chigobacho osaphwanyika kwenikweni. Milu ya zigoba zopanda kanthu m'mbali mwa thamanda imasonyeza pomwe anadyera.

Za akakowa ndi achimeza, ambiri timangoti ndi amodzimodzi, koma ali mitundu yambiri ndipo amagawana madzi motengera kutalika kwa miyendo. Chimeza wamkulu kwambiri, wotalika pafupifupi mita ndi theka, amaima poya n'kudikira nsomba yaikulu imodzi. Wina wakuda wamng'ono amatambasula mapiko kutsogolo n'kupanga mthunzi pamadzi, tinsomba tikathawiramo iye n'kujompha. Kakowa woyera amene timamudziwa tonse amasiya madzi n'kutsata ng'ombe, kudya tizilombo tovumbuluka m'udzu. Mphipi amamira kuthamangitsa nsomba pansi, kenako amakhala pachitsa atayanika mapiko. Avuwo amasaka pagulu, kuunjikiza nsomba posaya. Atsekwe ndi abakha a m'dambo amadya udzu ndi njere pomwe madzi angophwera.

Katawa sitingamudumphe. Chisa chake cha mitengo ndi matope, chomangidwa pa mphanda ya mtengo, chimafika mita ndi theka m'mimba mwake, ndipo ndi cholimba moti munthu atha kuimapo. Akachisiya, mumalowa akadzidzi, atsekwe, njuchi kapena njoka. M'madera ambiri anthu amaopa kuphwasula chisa cha katawa, ndipo mantha amenewo asungira nyumba zamoyo zambiri.

Mitengo ya m'mbali mwa madzi

Nkhwazi, imene ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi, imafuna zinthu ziwiri: madzi oti ione nsomba ndi mtengo wautali woti iyang'anirepo ndi kumangapo. Chisa chimodzi imachigwiritsa ntchito zaka zambiri, kumangowonjezera nthambi, ndipo imaswa m'chilimwe pamene madzi atsika, nsomba zaunjikana.

Usiku ntchito yomweyo imagwiridwa ndi kadzidzi wamkulu wofiirira wotchedwa Pel's fishing owl. Miyendo yake ilibe nthenga, ndipo zala zake ndi zokhakhala kunsi kuti nsomba yoterera isapulumuke. Masana amabisala m'mitengo ya masamba owirira ngati mkuyu, msikidzi ndi mvunguti. Alendo amachokera kutali kudzamufuna ku Liwonde. Kunja kwa mapaki, komwe mitengo ya m'mbali mwa mtsinje inadulidwa kusema mabwato, kuotcha njerwa ndi kutsegula madimba, kadzidziyu alibe pogona ngakhale nsomba zikhalepo.

Milaza ndi mivumo ili ndi mbalame zakezake. Kambalame kothamanga kotchedwa palm swift kamamata chisa kunsi kwa tsamba la mlaza ndi malovu, n'kumatanso mazira pachisapo kuti mphepo isawagwetse. Collared palm thrush, woimba bwino m'mawa, amaumba chisa cha matope m'mitengo yomweyo. Mlaza womwewo ndi umene umapereka masamba olukira ndi uchema, ndipo kugoma uchema nthawi zambiri kumaumitsa tsinde.

M'nkhalango za tsanya ku Liwonde muli kachinkhwe kobiriwira ka mutu wofiirira kotchedwa Lilian's lovebird. M'Malawi muno kwawo kwenikweni ndi komweko. Timbalameti timagona ndi kuswera m'mphako za tsanya zakale, ndipo timafa tambiri anthu akathira poizoni pa zithaphwi za m'chilimwe pofuna nyama kapena njiwa. Ku Lengwe, komwe kuli zitsamba zowirira, kuli nkhanga ya nthenga zopotana pamutu, yosiyana ndi nkhanga wamba, ndi kafulagombe kakang'ono ka mchira wautali kotchedwa Böhm's bee-eater.

Zobwera ndi mvula

Si mbalame zonse za m'chigwachi zimene ndi eni mudzi. Anamzeze ambiri amene amadzaza pa mawaya a magetsi kuyambira Okutobala amakhala atachokera ku Ulaya ndi ku Asia, komwe amaswera. Kambalame kolemera magalamu 20 okha kamauluka makilomita zikwizikwi, ndipo usiku kamagona m'mabango pamodzi ndi anzake osawerengeka. Mu Malichi ndi Epulo amabwerera. Kabawi wamng'ono wotchedwa Amur falcon amachokera kum'mawa kwa Russia ndi kumpoto kwa China, kudutsa India, kuoloka nyanja yamchere ya Indian Ocean, n'kufika kuno nthawi imene ngumbi zikuuluka. Madokowe akuda a mimba yoyera amachokera kumaiko a kumunsi kwa chipululu cha Sahara, ndipo amatera m'minda kudya ziwala ndi mbozi. Kakowa wina wosowa kwambiri amachita zosiyana ndi onsewa: amaswera ku Madagascar m'dzinja, n'kubwera kumadambo a kuno m'nyengo yozizira.

Apa ndi pomwe pangano la maiko ambiri ngati la Ramsar lija limamveka. Mbalame yotetezedwa ku Poland kapena ku Britain ikapeza mabango a m'chigwa cha Shire atapsa, chitetezo cha kumeneko chapita pachabe. Chimodzimodzinso mbali inayo.

Zimene zikusintha kayendedwe ka madzi

Mwa chilengedwe chake, chigwachi chimadzaza kuyambira Januwale mpaka Epulo. Nsomba monga mlamba ndi mphende zimalowa m'udzu womizidwa kukaswa. Madzi akayamba kuphwa, tinsomba timatsekeredwa m'zithaphwi, ndipo achimeza, madokowe ndi avuwo amapeza chakudya cha anapiye awo. Pofika Ogasiti mchenga ndi magombe zimaonekera, ikhala nthawi ya skimmer ndi afulagombe. Mvula ikagwa, mbalame zochokera kutali zija zimafika. Mtundu uliwonse uli ndi miyezi yake.

Shire wasinthapo yekha m'mbuyomu. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri moti madzi anasiya kutuluka kupita mumtsinje, ndipo mbali zambiri za dambo zinauma n'kulimidwa. Kuyambira 1965, zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zimathandiza kusunga madzi m'nyanja ndi kuwatulutsa mwa muyeso kuti makina a magetsi asaime m'chilimwe. Phindu lake aliyense amalidziwa. Mbali ina ndi yoti madzi oyenda mofanana chaka chonse amachepetsa kusiyana kwa dzinja ndi chilimwe kumene mbalame zina zimadalira.

Dothi lokokoloka m'mapiri ometedwa mitengo limadzaza mathamanda, pomwe panali nyika n'kumera bango. Namasupuni, udzu woyandama wochokera ku South America, amaphimba madzi moti nkhwazi ndi mphipi saona nsomba, ngakhale jacana ndi akakowa ena amayendapo bwinobwino. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 amene anawononga damu la Kapichira, ndi Freddy mu 2023, anapha anthu ndi kugwetsa midzi, komanso anasuntha timitsinje ndi kukwirira malo ena ndi mchenga. Kwa mbalame, chigumula chotere chimafafaniza malo ena n'kutsegula ena, koma zikamabwera motsatizana, mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mtsinje siipeza mpata wophukanso.

Palinso ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi ku Kapichira kupita nawo m'minda ya Chikwawa ndi Nsanje, kuwonjezera pa minda ya nzimbe ya ku Nchalo imene yakhala ikuthiriridwa kwa zaka zambiri. Oikonda amati dera la mvula yochepa ngati ili silingathetse njala podalira mitambo. Odera nkhawa amafunsa kuti madzi otsalira dambo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala adzakhala ochuluka bwanji. Mbali zonse ziwiri zikukamba zoona, ndipo yankho limadalira kuchuluka kwa madzi otengedwa ndi mwezi umene akutengedwa.

Pomwe mbalame zimakumana ndi anthu

Kunena kuti mbalame zonse ndi abwenzi a mlimi kungakhale kunama. Mpheta za milomo yofiira zotchedwa quelea zimabwera m'magulu ophimba dzuwa, ndipo munda wa mapira, mchewere kapena mpunga zimausesa m'masiku ochepa. Ana ambiri a kuchigwa amajomba kusukulu kukaingitsa mbalame. Asodzi nawo amadandaula ndi mphipi. Mbalame ndi ndiwonso, ndipo misampha ndi ulimbo ndi mbali ya moyo wa m'dambo. Kusiyana kuli pa kachitidwe: kukola abakha ochepa ndi kwina, kusesa mazira ndi anapiye pa malo oswera a gulu lonse ndi kwina, pakuti kumeneko m'badwo wa chaka chonse umatha tsiku limodzi.

Miimba imaonetsa mbali ina. Imadya nyama yakufa isanafalitse matenda, koma imaikira dzira limodzi lokha pa chaka, moti nyama imodzi yothiridwa poizoni itha kupha miimba yambiri imene ingatenge zaka kuti ibwerere. Ku Liwonde miimba inali itasowa, koma inayamba kuonekanso nyama zolusa zitabwezeretsedwa m'pakimo kuyambira 2017, chifukwa zotsala za nyama zogwidwa zinayamba kupezeka. Ku Majete, komwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira m'chaka cha 2003, kwalembedwa mitundu ya mbalame yoposa 300, ndipo alendo odzaziona amalemba ntchito operekeza, oyendetsa mabwato ndi ophika.

Kuwerenga mbalame zam'madzi mu Africa kumachitika makamaka mu Januwale ndi Julayi, madzi ali pamwamba ndiponso atayamba kutsika, ndipo kuno kwathu ntchito zotere zimakhudza nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire pamodzi ndi mabungwe monga Wildlife and Environmental Society of Malawi. Owerengawo amayenda pa bwato m'njira yomweyomweyo chaka ndi chaka kuti manambala afanizike. Nambala ya chaka chimodzi siinena zambiri, chifukwa mbalame zimasamuka kutsata madzi, koma ya zaka khumi zotsatizana imaonetsa kumene zinthu zikulowera. Dambo lalikulu ngati Elephant Marsh silingayendedwe lonse m'masiku ochepa, ndipo wopalasa bwato amene wakulira momwemo ndiye amadziwa thamanda lomwe openbill amasonkhana, chilumba chomwe skimmer anaswerapo chaka chatha, ndi mtengo womwe nkhwazi yasiya kumangapo.